Mphete Yogwera pa Manda a Livingstone

A Nachisale anatsika ndege ku Heathrow ndi masutukesi awiri, ina ya zovala, ina ya ufa woyera, usipa ndi nsinjiro, koma katundu weniweni anali ntchito imene anatumidwa. Mlongo wawo, malume ake a Esnat, yemwe ndi mwini mbumba kwawo ku Dowa, anawauza kuti apite akamuone ndi maso mwamuna amene mtsikanayo ankangomutchula pa foni. Akabwerako ndi mbiri yabwino, chinkhoswe chichitika. Akakapukusa mutu, nkhani yathera pomwepo. Anali ndi masabata atatu okha.

Wina angafunse kuti namwino wa zaka makumi atatu, wokhala yekha m'nyumba ya lendi ku Ilford, amaoperanji mutu wa mayi wokalamba. Wofunsayo sakumudziwa Esnat. Mayi ake omubereka anamwalira iye ali Fomu 2, ndipo amene anamulera, kumuperekeza kusukulu ya unamwino, kumulirira pa depoti tsiku lonyamuka, anali mayi ake aakuluwa. Esnat akanatha kukwatiwa ku ofesi ya boma Loweruka lililonse, mboni ziwiri n'kutha, koma ukwati wopanda madalitso a mayiwa sukanamugonetsa tulo.

Mwamunayo anali Zacheus, woyendetsa basi wa ku Tottenham, wamtali, wofatsa, wa mpata m'mano. Anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Banket ku Zimbabwe, mdzukulu wa anthu a ku Malawi amene anapita kukagwira ntchito n'kutchona. Chichewa chake chinali cha m'makomboni a kumafamu, chothira Chishona apa ndi apo ngati mchere. Mowa sankamwa, mpira sankaonera. Nthenda yake inali imodzi: mbiri yakale ya Angerezi. Munthuyu ukamufunsa nthawi, ankayamba wakuuza chaka chimene anamanga wotchi ya Big Ben.

Nthenda yomweyo ndi imene inawakumanitsa. Esnat atalephera koyamba mayeso a mbiri ndi chikhalidwe cha dziko lino, aja amalemba ofuna kukhazikika, anadandaula kutchalitchi ku Peckham kuti mayina a mafumu akumuzunguza mutu. Zacheus anati mbiri saloweza pa foni, amaiyendera ndi miyendo. Anapita naye ku Tower of London kukaona makwangwala akuda amene amawasamala ngati ana, poti anthu amati mbalamezo zikadzathawa ufumu udzagwa. Anamukweza masitepe 311 a chipilala chokumbukira moto umene unayambira kwa wophika buledi n'kupsereza mzinda mu 1666. Atafika pamwamba, Esnat ali wefuwefu, anazindikira kuti mtima sukugunda chifukwa cha masitepe okha. Mayeso anakhoza, koma aphunzitsi sanawachotse ntchito.

*

Tsiku loonana linali Lamulungu masana, kutatsala sabata imodzi kuti mayiwo abwerere. Zacheus anabwera atavala jekete, atanyamula bulangete lofunda la mayi. Anavula nsapato pakhomo, anagwada, anaomba m'manja mwa Chishona, ndipo a Nachisale anaoneka kuti akondwera. Vuto linali lakuti pa sofa panali patakhala kale munthu wina amene sanaitanidwe.

Biswick anali wa ku Dowa komweko, mkulu wa mpingo, wogwira ntchito yosamalira okalamba, mwini galimoto yofiira ndi perefyumu yolowa m'nyumba mwini wake akadali pa masitepe. Anamufunsira Esnat kawiri, kawiri konse n'kukanidwa mwaulemu, koma iye kukanako ankakumva ngati akuti adikire pang'ono. Chifikireni a Nachisale, iye sanaphonye tsiku. Lero wabweretsa thobwa, mawa wawatengera kumsika ku Peckham, ndipo ankawaitana kuti "mayi anga" mokweza kuti Esnat amve kukhitchini.

Atatha malonje, mayiwo anafunsa funso limene aliyense ankalidikira: kwanu n'kuti? Zacheus anati ku Banket. Iwo anamwetulira n'kunena kuti sakufunsa kumene kunagwera mchombo, akufunsa kwawo kwenikweni, mudzi, mfumu ndi mfunda. Zacheus anayang'ana masokosi ake. Anati agogo ake ankanena za chakumpoto kwa Lilongwe, koma anamwalira iye ali wamng'ono. Bambo ndi mayi ake nawonso anatsogola kale, watsala ndi mlongo wake Muchaneta ku Harare.

"Mayi anga, musawavutitse ndi za kumudzi," anatero Biswick, akumwetulira ngati wothandiza. "Afunseni za mfumu ija inakwatira akazi six. Pamenepo ndiye mumva."

Munthu wochenjera akanaseka n'kusintha nkhani. Zacheus, mtima uli m'mwamba, anaona ngati wapatsidwa mpata woonetsa kuti si mbuli. Anawatchula akazi onse asanu ndi mmodzi motsatana: awiri amene anasudzulidwa, awiri amene anadulidwa mitu, amene anafa atangobereka, ndi amene anatsala wamasiye. Esnat anamutsinzinira mpaka diso linawawa, koma basi inali itanyamuka kale.

A Nachisale anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo.

"Mwaphunzira, bambo," anatero. "Akazi a mfumu ya eni mukuwadziwa onse. Nanga mwana wangayu akadzalakwiridwa, mlandu tidzautula pakhomo pa yani?"

Biswick anawonjezera thobwa m'kapu ya mayiwo.

*

Madzulo ake mauthenga anayamba kuthamanga pa foni. Zacheus analemba kuti wachita manyazi moti wapitirira siteshoni yake osazindikira. Esnat anamuyankha kuti akadzatchulanso dzina la Henry, mfumu ya akazi aja, pamaso pa alendo adzamuthira madzi ozizira, kenako anatumiza kamtima kofiira kuti mawuwo asalume kwambiri.

"Ndipatse Thursday," analemba Zacheus. "Ndiwatengera amayi ku Westminster Abbey. Kuli chinthu chakwathu kumeneko. Akachiona andimvetsa."

Esnat anali asanalowemo m'tchalitchi chimenecho. Akamadutsa panja pake, Zacheus ankangoti akuchisungira tsiku lalikulu. Pa za mayeso zija ankakumbukira kuti mafumu amavekedwa ufumu mmenemo ndiponso kuti ena anaikidwa komweko, koma m'mutu mwake ankaona manda a kuseri, otchinga ndi mpanda, monga pa mishoni iliyonse. Anavomera ndi mtima wonse.

Biswick, yemwe analowamo kale ndi alendo a mpingo, atamva za ulendowo anamwetulira. Kenako anati ndi malo abwino zedi, mayi akasangalala, ndipo iye asintha shifiti kuti awaperekeze.

*

Lachinayi a Nachisale anavala chitenje chatsopano, duku logwirizana nacho, ndi chijasi cha Esnat chofika m'mawondo. Anakwera sitima pa Ilford, anasintha pa Whitechapel, ndipo atatulukira kunja pa Westminster mayiwo anaima n'kugwira pakamwa.

M'kati ndiye anaiwaliratu kuti anabwera kudzaweruza munthu. Maso awo anali kumwamba kokhakokha, kudenga lalitali ngati mitengo ya bulugamu yokumana nsonga, ndi kumawindo a magalasi amitundumitundu. Zacheus ankayenda pambali pawo akufotokoza motsitsa mawu kuti mafumu akhala akuvekedwa zisoti mmenemo kuyambira mu 1066, kuti mpando umene amakhalapo tsikulo wapitirira zaka mazana asanu ndi awiri, ndiponso kuti ana a sukulu akale anazokotapo mayina awo. Apa mayiwo anaseka n'kunena kuti ana ndi amodzi dziko lonse. Anayamba kumutchula kuti bambo aphunzitsi, mpaka anamugwira mkono pokwera kasitepe. Esnat, ali m'mbuyo, anathokoza Mulungu chamumtima. Biswick yekha ndiye ankayenda ngati mphaka pa matope, akusankha poponda.

Atafika pakati pa tchalitchi, Zacheus anaima pa mwala waukulu wakuda wa pansi, wolembedwa ndi zilembo za mkuwa. Mawu onse amene anakonza masiku anayi anamuthawa, moti nkhani anaiyambira kumapeto. Anagwada pa mwalawo, anatulutsa kabokosi m'thumba, n'kunena kuti akufuna kumupempha Esnat pamaso pa mayi ake, pamalo amene iye amawalemekeza kuposa ena onse mu London.

Esnat anagwira pamtima. Alendo ena oona malo anaima, mayi wina wachizungu n'kuyambiratu kupukuta misozi. A Nachisale sanazolowere zoti mwamuna azigwadira mkazi pagulu, komabe munali m'nyumba ya Mulungu, ndipo nkhope yawo inafewa. Esnat anatambasula dzanja.

"Mayi anga," Biswick ananong'ona, koma mokwanira kuti onse amve, "tawerengani dzina lili pamene agwadapo."

Mayiwo anaweramitsa mutu koyamba chilowereni. Dzinalo ankalidziwa kuyambira ku pulayimale: David Livingstone. Anafunsa ngati mwalawo uli chikumbutso chabe. Zacheus, nkhope ikuwala, anati ayi, munthuyo ali pansi pomwepo, thupi lake lenileni. Anafunsanso za miyala ina yolembedwa imene inali ponseponse, kutsogolo, kumbuyo, ndi pansi pa nsapato zawo zomwe. Iye anayankha monyadira kuti m'tchalitchimo munaikidwa anthu opitirira zikwi zitatu.

Kwathu kumanda sapitako wamba. Amapitako pa maliro kapena pomanga chiliza, akulu atalola. Mtumbira sauloza ndi chala, ndiye kuuponda n'kosayamba n'komwe. A Nachisale anali atayenda pamitu pa akufa ola lathunthu, akuseka. Ndipo tsopano mwamuna anali atagwada pa manda, akufuna kumuveka mwana wawo mphete.

Anamukoka Esnat pa mkono. Mphete, imene inali itafika kale pa nsonga ya chala, inagwa, inalira ngwee pa mwala, inazungulirazungulira n'kukagona pa dzina la malemuyo.

"Tiye," anatero mayiwo. Sanakweze mawu, poti munali m'tchalitchi.

Kutuluka kwake kunali komvetsa chisoni ndi koseketsa pamodzi. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ankadumphadumpha ngati akuwoloka mtsinje pa miyala, akupepesa dzina lililonse limene walephera kulizemba. Pafupi ndi khomo anaona manda amodzi ozunguliridwa ndi maluwa ofiira, amene anthu onse ankawalambalala. Zacheus, akuwalondola mphete ili m'manja, anayesa kufotokoza kuti ndi a msilikali wosadziwika dzina wa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, okhawo amene sapondedwa. Mayiwo anati ndiye kuti eni akewo mwambo akuudziwa, amangochitira dala. Sanamuyang'anenso mpaka kukafika ku Ilford.

*

Kunyumba palibe analoledwa kulowa. A Nachisale anagogoda kwa aneba, anapempha madzi m'ndowa, ndipo onse anayi anasamba m'manja ndi kumapazi pakhonde monga amachitira anthu ochokera kumanda, odutsa pa masitepe akudabwa. Nsapato zinatsala panja. Zacheus anauzidwa mwaulemu kuti apite akapume. Biswick analowa.

Ali kukhitchini, Esnat ankamumva akuthira mafuta pa moto ndi mawu okoma ngati a pa guwa. Ankati mnyamatayo si woipa ayi, kungoti safunsa anadya phula, ndipo munthu wokulira kumafamu wopanda akulu omulangiza sungamuimbe mlandu. Vuto, anatero, n'lakuti banja lotere limangoyenda m'chimbulimbuli mpaka ana. Potuluka, Esnat anamupeza pakhomo akuvala nsapato.

"A Biswick, munkadziwa. Ndinakuonani mukuzemba miyala ija kuyambira pa entrance."

"Ine ndinangoti awerenge, sister. Ndinanama pati?"

"Mukanamuchenjeza Monday."

Biswick anasiya kumwetulira. Anati iye wadikira zaka zinayi, ndipo palibe mwamuna amene angathandize mnzake kumulanda chimene wadikira zaka zinayi. Esnat anaona kuti apa pokha munthuyo wanena zoona. Anakwiya naye, anamumveranso chisoni, ndipo anatseka chitseko.

Lachisanu lonse dzina la Zacheus silinatchulidwe m'nyumbamo. Mayi ankangopinda zovala akuimba nyimbo ya Mvano chamunsimunsi. Esnat anakalilira kubafa, mpopi atautsegula kuti zisamveke. Ndege inali ya Lamulungu madzulo.

*

Loweruka masana ananama kuti akukagula mphatso za ana a kumudzi, n'kukakumana ndi Zacheus ku Valentines Park. Anamupeza pa benchi yoyang'anizana ndi nyumba yakale ya m'pakimo, maso ali ofiira. Atakhala pansi, mwamunayo anayang'ana nyumbayo n'kutsegula pakamwa.

"Ukangotchula chaka chimene anamanga nyumba iyo, ndinyamuka," anatero Esnat.

Zacheus anatseka pakamwa. Kenako onse awiri anaphulika chiseko chimene sanachifune, cha anthu otopa ndi kulira. Chitatha, Esnat anamukalipira mokwanira. Anamufunsa chimene chinamuletsa kufunsa, iye ali pomwepo, foni ili m'manja. Zacheus anati ankafuna kumudzidzimutsa. Esnat anati pamenepo ndiye anakhoza, poti anadzidzimutsa ndi akufa omwe.

"Ndinkaona tchalitchi, Esnat. Manda sindinawaone. Ndinachoka pa famu ndili ndi ten years, zambiri palibe anandiuza."

Esnat anamugwira dzanja. Anamuuza poyera kuti akuchita mantha, kuti mayi akakapukusa mutu ku Dowa iye sadziwa chochita, poti kumusiya Zacheus sangathe, kuwalakwira mayi amene anamulera sangathenso. Zacheus anati sadzamukakamiza kusankha. Ngati n'kudikira adikira, ndipo pa kudikira amuposa ndi Biswick yemwe. Anawonjezera kuti tsiku lija sanamalize zimene ankafuna kunena pa mwala paja, ndiponso kuti wamuimbira Muchaneta kuti afufuze m'katundu wa malemu bambo awo, mwina mungapezeke pepala lotchula mudzi.

"Zimene sunamalizezo usandiuze ine," anatero Esnat. "Ubwere mawa m'mawa uwauze amayi. Ndipo usabwere ndi Henry."

Asanasiyane anapempha kuti aione mphete, poti Lachinayi sanaionetsetse. Zacheus anatsegula kabokosi. Esnat anaiyang'ana nthawi yaitali osaikhudza, n'kunena kuti ndi yokongola, aibise asanayambenso kulira. Zacheus anadandaula kuti yankho lake sanalimve.

"Dzanja ndinatambasula pamaso pa azungu onse aja. Unkafuna ndikulembere kalata?"

*

Lamulungu m'mawa a Nachisale anali pakati pa masutukesi pamene Zacheus anagogoda. Anamulola kulowa, koma sanamulozere mpando. Iye anakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atapinda. Esnat anaima pakhomo la khitchini, kansalu kopukutira mbale kali m'manja.

"Mayi, ndinalakwa, ndipo sindinabwere kudzadziteteza. Ndiloleni ndingonena zimene ndinayenera kuyambira tsiku lija."

Mayiwo anapitiriza kupinda chitenje, zomwe zinatanthauza kuti anene.

Nthawi ino Zacheus sanathamange. Anati Livingstone anafera kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, kutali ndi kwawo. Anthu amene ankayenda naye akanatha kumuika pomwepo n'kumwazikana, palibe akanawaimba mlandu. Koma anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi analiumika ndi mchere ndi dzuwa, analikulunga, n'kulisenza pamapewa miyezi isanu ndi inayi mpaka kunyanja yamchere, ena akufera m'njira. Mmodzi wa atsogoleri awo anali Chuma, Myao amene anaomboledwa kwa ogula akapolo kwathu konkuja ali mnyamata. Pa mwala uja mayina awo palibe. Pamangotchulidwa manja okhulupirika amene anamubweretsa.

"Agogo anga anakwera lole ya Ulere, ija inkanyamula anthu okagwira ntchito ku Zimbabwe, ali mnyamata, mayi. Anafera pa famu ya eni, palibe anawanyamula. Tinawaika kuseri kwa komboni, chizindikiro chake mbale yachitsulo. Nditapitako zaka zisanu zapitazo ndinapeza chimanga. Manda onse analimapo. Ndinaima m'mundamo osadziwa ngati ndikuwaponda kapena ayi."

Manja a a Nachisale anaima pa chitenje.

"Ndiye ndikalowa m'tchalitchi muja sindipita kwa mzunguyo. Ndimapita kwa amene anamusenza. Ndi malo okhawo mu London muno amene amandiuza kuti kwathu kuli anthu osataya munthu m'njira. Ndinkafuna muone kuti ndikupempha kulowa pakati pa anthu otere."

Esnat, yemwe nkhani ya mundayo ankaimva koyamba, anaphimba nkhope ndi kansalu ka mbale kaja. Patapita nthawi mayiwo anati ku Dowa kulibe mudzi wopanda dzina la munthu amene anakwera Ulere osabwerera. Anapukuta maso ndi nsonga ya duku, n'kumukalipira Zacheus kuti ndi mwano kuliza munthu wamkulu tsiku la ulendo. Kenako anamulozera mpando.

Anaitanitsa mphete. Anatuma Esnat madzi a mchere m'kapu, anaiviika mmenemo, anapemphera pemphero lalitali lotchula ngakhale anthu zikwi zitatu aja, n'kuimanga pa ngodya ya chitenje chawo. Anati ipita nawo ku Dowa, idzabwerera pa chala tsiku la chinkhoswe.

"Mutu sindikapukusa, mwana wanga," anatero kwa Zacheus, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho. "Koma malume ake sakambirana ndi ine kapena ndi inu. Akufuna nkhoswe ya kwanu, munthu woti tikamufuna timupeze pakhomo pake."

Zacheus anatulutsa foni. Muchaneta anali atapeza chitupa chakale cha agogo pansi pa bokosi lachitsulo la bambo awo, ndipo chithunzi chake chinafika m'mawa womwewo. Pa famu ankangowatchula kuti Zakeyu Foromani, dzina limene banja lonse linatengera, koma pa chitupapo panali dzina lina. A Nachisale anavala magalasi n'kuwerenga mokweza: Zakeyu Mkanthama, mudzi wa Gwirize, boma la Dowa. Anawerenganso kachiwiri, mwapang'onopang'ono. Kenako anavula magalasiwo.

Anati banja limenelo akulidziwa. Zakeyu anasiya mlongo wake, mayi amene ankathamangira kumsewu nthawi iliyonse akamva kuti wina wabwera kuchokera ku Halale, kukafunsa ngati anamuonako. Anafunsa choncho mpaka anakalamba, n'kumwalira dzinalo lili pakamwa. Mbumba yake ilipo, ndi yaikulu, anthu abwino, ndipo mkulu wolankhulira banjalo ali moyo.

Esnat anaponya kansalu kaja m'mwamba. Zacheus misozi inangotsika, poti m'moyo wake wonse palibe anamuuzapo kuti kwinakwake kunali munthu wowadikira. Koma a Nachisale anakweza dzanja.

"Khala pansi, Esnat. Mlongo wa Zakeyu uja ndi amene anabereka mayi ake a Biswick."

Anafotokoza mosabisa kanthu. Mkulu wolankhulira banjalo ndi malume ake a Biswick, ndipo mwezi wathawu anafika kale kwa malume ake a Esnat kudzafunsira mbeta m'malo mwa mphwawo. Anauzidwa kuti adikire mpaka mayi atabwerako ku London. Esnat zimenezi sankazidziwa.

"Nkhoswe imodzi siyifunsira amuna awiri mbeta imodzi," anatero mayiwo. "Kuti mkulu ameneyo akuimireni inu, Biswick ayambe wanena ndi pakamwa pake kuti wasiya, ndiponso kuti inu ndinu magazi awo. Akakana, mulibe wina."

Panja hutala ya galimoto inalira kawiri. Anali Biswick, wabwera kudzawatengera mayi ku bwalo la ndege. Anamumva akukwera masitepe akuimba mluzu, kenako belu linalira. Esnat anagwira dzanja la Zacheus n'kulifinya. A Nachisale anamangitsa chitenje m'chiuno.

"Katseguleni, bambo," anatero kwa Zacheus. "M'bale wanu woyamba wafika."